Manja a Amayi Ako

Ku nyumba za antchito za kumtunda,
Thyolo.
Lamulungu masana.

Wokondedwa mwana wanga Yonasi,

Undikhululukire pokuvutitsa ndi kalata yaitali chonchi pamene tikukhala m'nyumba imodzi, mphasa yako ndi yanga zitangolekana ndi mpanda wa bango. Ndikudziwa kuti uli ndi zambiri zoganiza za ulendo wako wa mawa, ndipo mwina sukufuna n'komwe kumva za ine. Koma kuyambira Lachitatu lija sunandiyang'anenso kumaso, ndipo ine ndikati nditsegule pakamwa, mawu amabwerera kummero. N'chifukwa chake ndatenga pensulo. Sukulu yanga inathera Sitandade 3, choncho ukapeza chilembo chopotoka ungochidutsa. Kalatayi ndiika pansi pa malaya ako oyera m'bokosi. Usaiwerenge pano. Udzaiwerenge sitima ikanyamuka pa Luchenza, utakhala pansi bwinobwino.

Ndiyambe ndi mlandu wanga, chifukwa ndi umene wandikhazika pano.

Chaka chathunthu ndakhala ndikukuona ukujambula pa mapepala otayidwa ku ofesi, kuyambira tsiku lija unaona bayisikopo, kanema woonetsedwa pa lole uja, ku Boma n'kubwera uli wosokonezeka mutu. Sindinakuletse, koma sindinakufunsenso kuti ukujambula chiyani. Unapita nawo mapepala ako ku Limbe kwa mmwenye wojambula zithunzi uja, iye anawajambula limodzilimodzi pa filimu yake, n'kukubwereka makina oonetsera kanema opukusa ndi dzanja. Lachitatu masana unatseka mazenera a sukulu ndi masaka, unapachika nsalu yoyera, anthu anadzaza mpaka ena pakhomo. Kenaka pa nsalu paja panatulukira mzimayi akuthyola tiyi. Amayi ena kumbuyo anakuwa kuti, "Mayo ine! Si amake Yonasi awo?" Ena anagwira pakamwa. Ndipo ine, bambo ako, ndinaimirira pamaso pa anthu onse aja n'kunena kuti, "Awa si amayi ako." Ndinatuluka makina akulirabe.

Amayi ako aang'ono aEsitere andiuza zimene unanena madzulo ake: kuti mapepala onse ukawaponya m'ng'anjo ya ku fakitale, ndipo ku Limbe uzikangotsuka zithunzi za anthu ena m'sitolo ya mmwenye osajambulanso kanthu. Mwanaka, mawu amenewo andisowetsa mtendere. Ndinalakwa kuyankhula chomwecho pagulu. Ndinalakwa kwambiri. Koma ndikangoti pepa n'kulekera pomwepo, ndikhala ndakunamiza, chifukwa pali zinthu zimene ndinaziona pa nsalu paja zofunika kukonza, ndipo zonse n'zotheka kukonzeka. Ine za kanema sindidziwa. Ndidziwa tiyi, ndipo ndinawadziwa amayi ako. Ndilole ndikuuze zimene ndinaona, kudzera m'zolakwa zanga zomwe, chifukwa nzeru zina ndilibe.

Chaka changa choyamba pa esiteti ino anandipatsa mpeni wodulira tiyi ndi kandodo koyezera msinkhu. Kandodo kaja ndinakaona ngati kochedwetsa. Ndinati maso anga ndi akuthwa, ndinakasomeka kumapeto kwa mzere n'kuyamba kudula. Chitsamba chilichonse ndimachidula bwino kwabasi, chosalala pamwamba, mwakuti ukachiyang'ana pachokha sukanapeza chonena. Dzuwa litafika pamutu anabwera kapitawo wathu wa nthawi imeneyo, aMuhiye, munthu wamfupi wosaseka. Anandigwira khutu n'kunditengera kumapeto kwa mzere, nati, "Gwada. Yang'ana." Nditagwada ndinaona mzere wanga ukukwera ndi kutsika ngati mano a nkhalamba. AMuhiye anati, "Wadula zitsamba makumi anayi zokongola, koma mzere sunadule ngakhale umodzi. Othyola adzayendetsa bwanji manja apa, azidumpha ngati achule?" Ndinabwereza mzere wonse popanda kudya.

Yonasi, mapepala ako ali ngati zitsamba zanga zija. Ndawayang'ana limodzilimodzi, ndipo lililonse palokha ndi lokongola. Koma pa nsalu paja mutu wa amayi ako unkadumpha, mapazi awo ankatsetsereka pansi ngati aponda pamatope, ndipo chitsamba cha tiyi chinkanjenjemera ngati chikumva malungo. Chifukwa chake ndachipeza. Pepala lililonse unkaliika pomwe lagwera, lina kumtunda pang'ono, lina kumanzere pang'ono. Ulibe kandodo koyezera. Ndiye ndakupangira. M'bokosi mwako, pansi penipeni, upezamo thabwa la bokosi la tiyi limene ndalipala bwino. Kumtunda kwake ndakhomako misomali iwiri yodula mitu, yotalikirana zala zinayi. Pepala lililonse uziliboola mabowo awiri ofanana ndi misomaliyo, uzilikoleka pamenepo pojambula, ndipo ukapemphe mmwenye kuti nayenso azilikoleka pa thabwa lomwelo pojambula ndi kamera yake. Chinanso, chinthu chimene sichiyenda, monga chitsamba ndi nthaka, usamachijambule ndi mutu. Ika pepala latsopano pamwamba pa lakale, uwatsamiritse pa galasi la zenera dzuwa likuwala, ulondole mzere womwewo. Usaiwale, mwana wanga: chimene chaima chiime ndithu, kuti chimene chikuyenda chioneke kuti chikuyenda.

Tsopano za kalongonda. Nkhani iyi amayi ako ankakonda kuinena pofuna kundichititsa manyazi, ndiye mwina unaimvapo. Titangokwatirana iwo anapita kumaliro kwawo, n'kundisiyira kalongonda m'nkhali, nyemba zija zoledzeretsa ukapanda kuziphika bwino. Anandiuza momveka kuti, "Muwiritse, mutaye madzi, muwiritsenso, mutayenso, mpaka madzi ayere. Musafulumire." Ine njala itandigwira ndinataya madzi kawiri kokha, n'kunena kuti akazi amangokonda kutalikitsa zinthu. Ndinaitana mnzanga aSipiriyano, tinadya mpaka mbale kuyera. Pasanapite nthawi denga linayamba kuzungulira. ASipiriyano anakumbatira mzati wa khonde n'kumautchula dzina la akazi awo, ine ndinkaimba nyimbo ya ku tchalitchi nditagona chagada pabwalo, nkhuku zikundidumpha. Amayi ako atabwera anangoyang'ana m'nkhali n'kuti, "Kawiri?" Ndinati, "Katatu." Iwo anati, "Kawiri. Madziwo akukuchitirani umboni."

Nawenso wataya madzi kawiri, Yonasi. Ndawerenga mapepala ako. Kuchokera pamene dzanja lagwira tsamba kufika pamene laponya m'dengu kumsana, wajambula mapepala atatu okha. N'chifukwa chake pa nsalu paja dzanja silinkayenda, linkangopezeka apa n'kupezekanso apo ngati la mfiti. Dzulo ndinabereka dengu kuseri kwa nyumba n'kuyesa ndekha pang'onopang'ono, ndikuwerenga malo amene dzanja limadutsa. Akazi a aSipiriyano anandipeza n'kufunsa kuti, "Akapitawo, akutsitsani udindo kodi, kapena mwadyanso kalongonda?" Ndinawasiya aseke. Ndinapeza kuti pakufunika mapepala asanu ndi anayi, mwina khumi. Ndipo sayenera kutalikirana mofanana. Dzanja likamanyamuka pachitsamba limayamba mochedwa, pakati limathamanga, pofika paphewa limachedwanso, ndipo zala zimatseguka dzanja litayamba kale kubwerera. Choncho koyambirira ndi kumapeto ujambule mapepala ambiri oyandikana, pakati ochepa. Ndikudziwa kuti ndi ntchito yowawa, pensulo imatha ndipo khosi limauma. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikukumbutsanso, usafulumire.

Palinso dengu. Kanema wako akuyamba dengu lili lopanda kanthu, ndipo akutha masamba atasefukira, koma amayi ako akuimabe chiriri ngati sanasenze kanthu. Iwe unathyolapo tiyi miyezi iwiri yokha usanapite kusukulu, mwina msana wako unaiwala. Dengu likamadzaza munthu amawerama pang'onopang'ono osadziwa, miyendo imatang'adza, ndipo pakapita nthawi amagwedeza phewa kuti chingwe chisunthe pamene chikumudya. Amayi ako ankagwedeza phewa lamanja kawiri, msangamsanga, akafika kumapeto kwa mzere. Ukangoika kameneko, aliyense amene anasenzapo dengu adzamva kulemera kwake ali chikhalire pabenchi.

Nkhani ina ndi ya tsiku limene ndinapita ku Thekerani kukaonekera kwa amalume a amayi ako. Amalume anga amene anayenera kundiyankhulira anadwala mwendo panjira, ndiye ndinafika ndi msuweni wanga wachibwibwi, ndipo zinandigwera ine kuyankhula. Mantha atandigwira ndinayambira kutali. Ndinanena za mmene makolo anga anathawira kuchoka kwa Apwitikizi, za mmene tinaolokera mtsinje wa Ruo madzi ali m'khosi, za chinangwa chimene tinadya panjira, za ubatizo wanga, za mbuzi ya bambo anga imene inagwidwa ndi kambuku. Amalume a amayi ako ankangosenda nzimbe. Inatha nzimbe yoyamba, inatha yachiwiri. Kenaka analavula zikhungwa n'kunena kuti, "Mnyamata iwe, tamva za mtsinje, tamva za mbuzi, Mulungu aiyang'anire mbuziyo. Koma wabwera kudzafunsira mbeta kapena kudzafunsa njira?" Akazi amene anabisala kuseri kwa nkhokwe anaphulika kuseka, ndipo mmodzi mwa iwo anali amayi ako.

Kanema wako nayenso wayambira ku Ruo. Muli lole yodutsa, muli galu wothamangitsa gulugufe, muli mzungu pa kavalo, muli utsi wa fakitale, ndiye kenaka amayi ako. Ndinawerenga: pa mapepala ako mazana anayi ndi makumi awiri, oposa theka apita kwa lole, galu ndi kavalo. Galuyo wamujambula bwino, sindikukana, ana anaseka. Koma unabwera kudzanena za galu kodi? Musunge, adzakhala ndi kanema wakewake tsiku lina. Kavalo uja ndiye muchotse ndithu, miyendo yake ikuyenda ngati ya tebulo, ndipo sindikhulupirira kuti unayamba wakhalapo pansi n'kumuyang'ana kavalo akuyenda. Mapepala amene upulumutse pamenepo uwapereke ku manja ndi ku msana wa amayi ako. Mzimayi mmodzi, mzere umodzi, kuyambira dengu lopanda kanthu mpaka lodzaza. Zakwana. Podulira tiyi timachotsa ndi nthambi zamoyo zomwe, osati chifukwa ndi zoipa, koma kuti madzi apite kumene tikufuna masamba.

Tsopano ndafika pa chimene ndakhala ndikuchizungulira. Undipirire pang'ono.

Sindinakuuzepo mmene ndinawadziwira amayi ako. Nditangopatsidwa ukapitawo, ndili mnyamata wodzimva, anandipatsa gulu la akazi othyola kumunda wa kumtsinje. Lamulo ukulidziwa: masamba awiri ndi kansonga, osaposa apo. Tsiku lachitatu ndinaona mtsikana wina akuthyola modabwitsa. Dzanja lamanja linkathyola ngati anthu onse, chala chachikulu ndi cholozera. Koma lamanzere linkapotoka, chala cholozera chili chopindika osagwira ntchito, iye n'kumathyola ndi chala chachikulu ndi chapakati, akupotoza mkono ngati akutsegula loko. Ndinati ameneyu akuwononga tiyi, akukadzula ndi mitengo yomwe. M'dengu mwake sindinasuzumire n'komwe. Ndinathamanga kukamunenera kwa bwana wa minda. Bwana anabwera, analamula kuti dengu likhutulidwe pa chiguduli pamaso pa gulu lonse, nayamba kufufuza ndi ndodo yake. Anafufuza, anafufuza. Sanapeze tsamba lokhwima ngakhale limodzi. Onse anali awiri ndi kansonga, aukhondo kuposa a wina aliyense. Bwana anandiyang'ana, anakwera njinga yake. Mtsikana uja anagwada kuwola masamba ake, ndipo osakweza mawu anati, "Akapitawo, inu mumalemba chala kapena tsamba?" Kenaka anatembenuza nkhope pang'ono, kundiyang'ana cham'mbali, nsidze imodzi itakwera. Chala chija chinapsa ali khanda, atagwera pamoto makolo ake nawonso ali pa ulendo wothawa Apwitikizi. Ine ndinaweruza ndisanayang'ane. Ndinapita kukapepesa Loweruka lake, ndipo kupepesa kumeneko ndi kumene kunandifikitsa ku Thekerani.

Pa nsalu paja, Yonasi, amayi ako akuthyola ndi dzanja limodzi, zala zonse zowongoka, kugwira tsamba mwaulemu ngati dona akuthyola duwa pakhonde. Wawaveka diresi la mabatani limene sanavalepo kumunda. Chala chopindika chija wachiwongola. Ndikudziwa chifukwa chake. Unawakonda, ndipo unafuna kuti anthu awaone ali okongola, opanda chilema. Sindikukudzudzula pa chikondicho. Koma akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Chala chimenecho ndi chimene chinakulipirira sukulu. Ndi chimene chinkakutsina khutu ukaba shuga. Iwo sanachibisepo tsiku ndi limodzi lomwe, ngakhale polandira mgonero ku tchalitchi ankatambasula dzanja lomwelo. Ukachiwongola ndiye kuti wawachotsa iwo n'kuikapo mlendo. Ndipo wothyola tiyi sathyola ndi dzanja limodzi. Manja onse awiri amayenda pamwamba pa chitsamba mosinthana, limodzi likuthyola lina likufunafuna, maso ali kale pa chitsamba chotsatira. Chimene ndinalakwa ine kumunda wa kumtsinje ndi chimene walakwa iwe pa pepala: tonse sitinayang'ane mokwanira. Usajambule chimene ukuganiza kuti dzanja limachita. Khala pansi, uliyang'ane mpaka utope, kenaka uliyang'anenso.

Koma ngakhale zimenezi si zimene zinandiimiritsa Lachitatu. Ndikanakhala kuti ndinangoona manja olakwika, ndikanadikira anthu atuluke n'kukuuza kumbali. Chimene chinandiimiritsa ndi ichi, ndipo sindinauzepo munthu.

Papita mvula zitatu chiwaikire amayi ako m'manda. Chithunzi chawo tilibe, sanaimepo pamaso pa kamera. Ine ntchito yanga zaka zonsezi yakhala yoyang'ana manja a anthu ndi madengu awo, ndipo ngakhale kunyumba, ndikuvomera, ndinkayang'ana kwambiri zimene manja awo akuchita kuposa nkhope yawo. Chaka chathachi ndinayamba kuona kuti ndikatseka maso, manja awo amabwera onse, chipsera chomwe, zikhadabo zakuda ndi utomoni wa tiyi, koma nkhope siibwera. Imabwera ngati phiri nthawi ya chiperoni, ukudziwa kuti lilipo koma sukuliona. Ndinkachita manyazi. Mwamuna wanji woiwala nkhope ya mkazi amene anakhala naye zaka makumi awiri ndi mphambu? Ndiye Lachitatu, kumapeto kwa kanema wako, mzimayi uja anasiya kuthyola, anatembenuza nkhope pang'ono, nayang'ana cham'mbali, nsidze imodzi itakwera. Yonasi, anali iwo. Anali iwo enieni, akundifunsanso ngati ndimalemba chala kapena tsamba. Nkhope imene ndinaisowa chaka chonse inabwera, koma inabwera pa manja a munthu wina. Ndinaona kuti ndilira pamaso pa akazi a gulu langa, ndipo m'malo molira ndinakulasa iwe. Chimenecho ndicho choona chake. Mawu oyenera anali akuti, nkhope ndi yawo, mwana wanga, wailondola, tiye tikonze manja. Pakamwa panga panatuluka zina.

Iwe unasunga nkhope, ine ndinasunga manja. Aliyense payekha ali ndi theka la amayi ako. N'chifukwa chake ndikukupempha kuti usawotche mapepala aja.

Manja amenewo ine sindingakusonyeze bwino. Anga ndi ouma, ndipo ndikayesa kupinda chala ndimangooneka ngati nkhanu. Koma alipo munthu mmodzi. Amayi ako aang'ono aEsitere anaphunzira kuthyola ali kamtsikana ataima pambali pa akulu awo, ndipo anatengera zonse, mpaka kupinda chala cholozera cha kumanzere, ngakhale chawo n'chabwinobwino. Anthu ankawaseka, koma mpaka lero amathyola chomwecho, sadziwa njira ina. Ndikawaona chakumbuyo m'munda ndimayang'ana kumbali. Vuto ndi lakuti amuna awo apeza malo olima kutsidya kwa Ruo, kwa abale awo, ndipo akufuna kunyamuka mvula isanakhazikike, mtsinje usanadzaze. Akonza zochoka Loweruka lachiwiri la mwezi wa mawa. Akaoloka, sindikudziwa ngati tidzawaonanso akuthyola tiyi, chifukwa kumeneko kulibe tiyi. Ndinapita kukayankhula nawo Lachisanu. Amuna awo anayamba akana, nati, "Alamu, tichedwe kubzala chifukwa cha zidole za papepala?" Koma aEsitere anawayankha kuti, "Zidole zimenezo ndi achemwali anga. Inu pitani mukasose, ine ndikupezani." Atakangana pang'ono anagwirizana kuti aEsitere atha kutsala sabata imodzi, koma pokhapokha iwe utalonjeza kuti ubwera. Safuna kutsala pachabe. Sabata imeneyo tiyi adzakhala ataphuka ndi mvula yoyamba. Ine ndidzawaika pa mzere wa m'mphepete mwa msewu, iwe udzakhale pa chitsa ndi thabwa lako kuyambira m'mawa mpaka belu, masiku onse asanu ndi limodzi. Ndapempha kale kwa bwana wa minda, wati bola usaponde mbande. Ukamufotokozera bwino mmwenye, ndikhulupirira akulola, popeza iye ndi amene anayamba kuona kuti uli ndi luso.

Zina ndi zazing'ono, koma undilole ndizinene, ukudziwa mmene ndilili. Mapepala usawaike pansi pa simenti, amakoka chinyezi n'kupindika. Ndawakulunga m'pepala lonyezimira la m'mabokosi a tiyi, lotsala limene amataya, n'kuwaika m'bokosi mwako, ndipo uziwabwezera m'pepala lomwelo chifukwa cha mphemvu. Manambala uzilemba pakona imodzimodzi, ya kumunsi kumanja; ena unalemba kumbuyo, ena sunalembe n'komwe, ndipo ndavutika kuwasanja. Usambe m'manja usanagwire pepala, pa mapepala khumi ndi atatu ndapezapo zala zako za mafuta. Ndamva kuti filimu imayaka msanga kuposa udzu wouma, ndiye usayandikire nayo nyali kapena munthu wosuta. Mmwenye umulemekeze, akakudzudzula usayankhe msanga, ndipo ukaona chimene sukuchimvetsa pa kamera yake ufunse, usayerekeze kudziwa monga ndinachitira ine ndi kandodo kaja. Ukajambula mapepala makumi awiri, ima, uwatembenuze ndi chala uone ngati akuyenda, usadikire afike mazana. Ukamaliza, usayambe kuonetsa anthu a m'tauni amene adzangoombera m'manja chifukwa chithunzi chayenda. Uyambe waonetsa munthu wothyola tiyi. Akagwira phewa lake, udziwe kuti wakhoza. Ku tchalitchi uzipita. Chifuwa chako chija chikayamba, usalimbe mtima, pita kuchipatala. M'kathumba kofiira muli chinangwa chophika ndi mtedza wa panjira.

Chotsiriza ndi kuulula kuba. Ukawerenga mapepala ako upeza kuti ndi mazana anayi ndi khumi ndi asanu ndi anayi. Limodzi ndatenga ine, la nambala 397, pamene nkhope yatembenuka ndipo nsidze yafika pamwamba. Lili m'Baibulo langa. Ngati watsimikiza mtima kuwotcha, ndilibe mphamvu yokuletsa, ntchito ndi yako, koma ili lokha sulipeza. Ngati ukonza kanemayo, udzaona kuti popanda pepala limeneli mutu wa amayi ako ukudumpha pamalo pamene sufunika kudumpha, ndipo udzayenera kubwera kudzalitenga m'manja mwanga. Ndidzakupatsa. Ndingopempha kuti udzandijambulire lina lofanana nalo.

Chonde yankho lako lindipeze pofika Lachitatu la sabata inayo, osati ikuyamba mawayi, kuti ndikhale ndi nthawi yowauza aEsitere ngati amange katundu kapena adikire. Kalata upatse adalaivala a lole imene imatula mabokosi a tiyi ku Limbe Lolemba lililonse n'kubwerera kuno Lachitatu, amandidziwa, adzandipatsa pa sikelo yoyezera tiyi. Sufunika kulemba zambiri, ndiponso sufunika kunena kuti wandikhululukira, zimenezo zili ndi nthawi yake. Ungolemba mawu amodzi, kuti ubwera kapena subwera. Mawa sindikuperekeza ku Luchenza, belu likandipeza kumunda, koma ndidzaimva sitima ikamalira kutsidya. Lachitatu limenelo ndidzakhala pa sikelo kuyambira m'mawa.

Uyende bwino, mwanaka. Mulungu akutsogolere.

Ndine bambo ako,
Samisoni